Mchombo wa Mdzukulu Wanga Uli mu Envulopu

Woyamba kundiuza kuti mwana wanga ali ndi pakati sanali mwanayo ayi. Anali achemwali ena Achisilamu amene amagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Satwa. Tinadziwana kuno ku Dubai komwe, koma kumudzi timachokera boma limodzi, mtsinje wokha ndi umene umalekanitsa kwawo ndi kwathu.

Chinali chaka chachiwiri cha mliri. Madamu, abwana anga, anali atangoyamba kumene kundilola kutuluka pa tsiku langa lopuma, Lachisanu, patapita miyezi yambiri ndili m'fulati ku Sports City, kumangoona mabwalo a masewera opanda anthu kudzera pazenera. Ndinkalera kamtsikana kawo, ndipo mpaka lero ndikulera komweko. Anandiuza kuti ndivale masiki, ndisagwire zitsulo m'basi, ndipo pobwera ndikayambe kusamba ndisanamukhudze mwana. Ndinavomera zonse, chifukwa ndinali nditalakalaka kumva Chichewa cha pakamwa pa munthu, osati cha m'foni.

Nditangolowa m'sitolomo, achemwaliwo anatsitsa masiki pang'ono n'kundilonjera kuti agogo afika. Anapitiriza okha osandidikira. Anati mchimwene wawo anapita kuofesi ina kuboma kwathu kukafunsa za mlatho wa pamtsinje uja, kuti unalekezera pati, ndipo amene anamubweretsera fayilo anali mwana wanga. Mchimweneyo anamuzindikira. Anafotokoza kuti mtsikanayo watopa ndithu, akuyenda mogwira msana, ndipo pali mayi wina wamkulu muofesimo amene amamukalipira akafuna kunyamula katoni, iye n'kumangoti amayi, amayi.

Ndinayankha kuti eya, tikuthokoza Mulungu. Ndinagwira nsalu ina ya maluwa n'kufunsa mtengo wake, koma sindinamve zimene anayankha. M'basi pobwerera ndinali ndi zinthu ziwiri mumtima. Chimodzi chinali chimwemwe, pakuti mwana ndili naye mmodzi yekhayo, ndipo ndinapempherera mimba imeneyi kuyambira tsiku la ukwati wake. China chinali liwu lija lakuti amayi, limene linanditsatira mpaka m'chikepe.

Za mayi ameneyo ndinkadziwa kale. Ndifotokoze mmene analowera m'moyo wathu.

Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale. Bambo ake a mwanayu atamwalira, ndinabwera kuno kuti iye asalekezere pamene ndinalekezera ine. Mulungu anamva, mwana anamaliza, anakwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa, ukwati wa kutchalitchi, ndipo ndinavina nawo patchuthi changa chomaliza mliri usanayambe. Ntchito yokha ndiyo inkavuta. Kenako kwathu kunayamba kugwira ntchito lamulo lakuti munthu aliyense angathe kupita kuofesi ya boma kukafunsa zimene akufuna kudziwa, ndipo aofesi ayenera kumuyankha m'nthawi yake. Mwana wanga anandifotokozera kuti ngakhale wosadziwa kulemba angafunse ndi pakamwa, iwo n'kumulembera. Ndinasekera m'mtima, ndinati lamulo limeneli lakumbukira ife.

Koma kuti uyankhe munthu, uyenera kudziwa pamene pepala lili. Kuofesi kumeneko mapepala anali m'chipinda cha kuseri, ena m'makatoni, ena omangidwa ndi zingwe, ena chiswe chitayamba kale kuwadya. Ndiye anafuna atsikana oti athandize mayi woyang'anira mafayilo kukonza chipindacho, ndipo mwana wanga anatengedwa. Tsiku limenelo ndinagwada pafupi ndi makina ochapira n'kuthokoza, kamtsikana ka madamu kakundikwera kumsana.

Poyamba mauthenga ake a mawu ankandikoma. Ndinkawamvera ndikusita, foni ili m'thumba la epuloni. Ankati amayi a kuofesi andiphunzitsa kuti fayilo iliyonse imakhala ndi nambala yake ndi shelefu yake. Amayi a kuofesi akuti ukachotsa fayilo uzisiyapo kakhadi konena amene watenga, kuti malowo asakhale opanda mawu. Amayi a kuofesi akuti nkhani ya munthu payekha, monga matenda ake, siperekedwa kwa wina aliyense wongofunsa. Amayi a kuofesi akuti pepala lililonse lili ndi nthawi yake yosungidwa, ndipo ngakhale nthawiyo itakwana, sulitentha eni ake asanavomereze. Ndinkati zikomo Ambuye, mwana wanga wapeza munthu womuwongolera.

Sindikudziwa kuti ndi mwezi uti pamene mawu akuti a kuofesi anagwera panjira. Ndinangozindikira tsiku lina akunena kuti amayi andigawira mbatata, amayi akuti ndisamayende wapansi dzuwa likatentha. Ndinabwereza uthengawo kuti ndimvetse. Ine mbatata sindinagawire munthu. Ndinali ku Dubai, ndikupukuta galasi la pakhonde.

Tsono za mimba. Wina angafunse kuti mwana angabise bwanji chinthu chotere kwa mayi ake, pamene tinkaonana pavidiyo sabata iliyonse. Sanabise. Kwathu mimba yoyamba siinenedwa ndi pakamwa. Mtsikana sapita kwa mayi ake kukati amayi ndili ndi pakati. Zimenezo ndi zamanyazi, ndipo akuluakulu ankati mimba yolengezedwa msanga siikhala. Mayi amaona yekha. Amaona mmene mwana akukhalira pamphasa, mmene akumangira chitenje, mmene akukanira ndiwo zimene ankazikonda. Akaona amaitana amayi anzake, amamukhazika pansi n'kumulangiza. Mayi nayenso safunsa. Ineyo ndi amene ndinamuphunzitsa zimenezi. Ndiye iye ankadikira kuti ndione, koma foni imaonetsa nkhope yokha. Ndinaona kuti masaya adzaza, ndinati ndi mtendere wa pabanja.

Amene anaona ndi mayi wa mafayilo uja. Anaona mtsikana akupuma pakati pa mashelefu, akuthawa fungo la mapepala akale. Iyeyo ndiye anamukhazika pansi.

Lamulungu lotsatira Lachisanu la ku Satwa lija, titatha mapemphero athu a pafoni, ndinamuimbira mwana wanga. Tinalonjerana, anandifunsa za kutentha kwa kuno, ndinamufunsa za amuna ake. Kenako ndinati, “Tatsamiritsa foniyo pa chinthu, upite chapatali, uimirire.”

Anasuntha foniyo. Ndinaona denga, kenako khoma, kenako iye akubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo la kuchipinda. Anaima chammbali, manja ali kumaso. Anavala chitenje chobiriwira chimene ine sindinamugulire.

“Ndaona, mwanawe,” ndinatero.

“Ndimadikira, amayi,” anayankha, akulira ndi kuseka pamodzi.

Tinapemphera limodzi. Nditati ameni ndinafunsa kuti chitenjecho wachitenga kuti, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

Kuyambira pamenepo ndinayamba mpikisano umene mnzangayo sankadziwa n'komwe kuti ulipo. Lachisanu lililonse ndinkapita ku Satwa. Ndinagula timalaya, tizipewa, tisokosi, bulangeti lofewa ngati la mwana wa madamu. Telala wina wa kumeneko anandisokera madiresi otakasuka a mayi woyamwitsa, ndipo ankandiseka kuti mama, mwana mmodzi kapena khumi. Achemwali aja ankandidulira nsalu akugwedeza mutu, n'kumati khalas, zakwana, mukufuna kutsegula sitolo kodi. Ndinatumiza zonse pa kago, koma masiku amenewo katundu ankayenda mwa ulesi, ndipo palibe ankadziwa tsiku limene adzafike.

Malangizo ndiwo ankafika msanga, poti ndi a pafoni. Ndinkamuuza kuti asamagone chagada, asamanyamule ndowa pamutu, akonzeretu beseni, zitenje ndi lezala latsopano. Iye ankamvetsera mwaulemu mpaka ndimalize, kenako n'kunena kuti amayi anena kale, zonse zili m'chikwama. Sankanena mwachipongwe. Ankafuna kuti mtima wanga ukhale pansi. Koma ine ndikatseka foni ndinkakhala pabedi langa m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, n'kumadzifunsa kuti kodi chatsala n'chiyani choti ndinene ine, chimene mayi ameneyu sananene kale.

Ndinapempha madamu kuti ndipite kwathu. Ndi munthu wabwino, sindingamunamizire. Anandikhazika pampando, anandiuza kuti sangandiletse, koma malamulo a ndege akusintha m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikatuluka mwina aboma la kuno sadzandilola kulowanso. Anthu ena amene ndinkawadziwa anapita kumaliro n'kukanika kubwerera, ntchito n'kutha. Ine kumudzi kuli anthu amene amadya chifukwa ndili kuno. Ndinasala kudya, ndinapemphera, ndinakhala.

Mkamwini wanga anaimba masana ena ndikudyetsa mwana wa madamu. Anandilonjera mwaulemu wake wonse, kufunsa za thanzi langa ndi la abwana anga, ine mtima uli m'mwamba, kenako anati akunyumba achira, mwana wamkazi. Ndinaika supuni pansi n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi. Kamtsikana kaja kanawomba m'manja, kosadziwa kanthu.

Kuchipatala, chifukwa cha mliri, ankalola wodikirira mmodzi yekha, ndiponso wamkazi. Mayi anga anamwalira kale, mng'ono wanga anali kudwala kumudzi, apongozi ake a mwanayu amakhala kutali kumpoto. Ndiye mukudziwa amene anagona pansi pafupi ndi bedi lake. Chithunzi choyamba chimene ananditumizira chinali cha mdzukulu wanga ali m'manja mwa munthu. Nkhope ya munthuyo sinaoneke, koma manja okha, akuda, onenepa, pamkono pali wotchi. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka manjawo atatuluka kunja, kutsala kankhope kokha. Ndimo mmene ndinachiikira pafoni yanga, ndipo chili choncho mpaka lero.

Katundu wanga anafika mwana atabadwa kale. Tisokosi tina tinali titachepa.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandidya ndi mchombo.

Kwathu mwana akabadwa, iye ndi mayi ake amakhala m'chikuta, osatuluka, mpaka kachidutswa ka mchombo kataume n'kugwa. Kakagwa sikatayidwa ngati chinyalala. Amakatenga ndi agogo ake a mwana, mayi wa mayi wake, n'kukakakwirira pa malo amene iwo okha akudziwa. Si zamankhwala, ine ndine munthu wa pemphero. Ndi kungonena kuti mwana uyu kwawo ndi kuno, ndipo pali munthu wamkulu amene wamulandira. Mchombo wa mwana wanga anakwirira ndi mayi anga. Anatuluka nawo m'mawa atafumbata m'dzanja, anabwerako akusamba m'manja, ndipo anapita nazo kumanda osandiuza kuti ndi pati. Kuyambira nthawi imeneyo ndinkadziwa kuti tsiku langa lidzafika. Malo ndinasankha kale, ndisanabwere kuno. Sindiwatchula pano.

Ndiye tsiku lina mwana wanga anatumiza uthenga wachimwemwe kuti atuluka chikuta. Mwana amumeta, amusambitsa, aneba abwera kudzamuona ataima patali atavala masiki. Kutuluka chikuta ndiye kuti mchombo wagwa. Ndinamvera uthengawo mpaka kumapeto, kudikira kuti anene. Sananene. Ndinadziuza kuti chifukwa chake n'chodziwikiratu: manja a wotchi aja afumbata, atuluka nawo m'mawa, abwerako akusamba. Mdzukulu wanga walandiridwa ndi munthu wa kuofesi, pa malo amene ine sindidzawadziwa.

Sindinafunse. Ndinkaopa kumva ndi makutu anga. Ndinangoyamba kuyankha mwachidule. Akatumiza chithunzi ndinkati zikomo, Mulungu adalitse. Akaimba ndinkati ndili ndi mwana wa eni, ndiimbanso. Madzulo aliwonse ndinkasambitsa kamtsikana ka madamu, kukapukuta m'makutu ndi pamchombo pake, uku ndikuganiza za beseni lina kutali.

Kupemphera sindinasiye. Mayi ameneyo sindinamupemphererepo choipa, Mulungu ndi mboni. Ndinkati Ambuye, mayi uja ndi wakhama, mukwezeni pantchito. Mupatseni udindo waukulu, kulikulu, kapena kuboma lina la kumalire kumene mafayilo ali pansi kwambiri. Ndinkapemphera zimenezi ndi mtima wonse.

Achemwali a ku Satwa ndiwo anandiona kuti ndaonda. Lachisanu lina kunalibe makasitomala, kunja kukutentha kwakuti ngakhale amphaka anabisala, tinakhala kuseri pakati pa mipukutu ya nsalu tikumwa tiyi wa mkaka. Ndinawauza zonse. Anandimvetsera, kenako anandiseka poyera. Anati mchimwene wawo, munthu woti dzina lake amalemba movutika, anapita kuofesi imeneyo n'kufunsa za mlatho, ndipo anamuyankha, anamuwerengera ndi pepala lomwe. Anati anthu a boma lonse akukafunsa kwa mayi ameneyo, wotsala ndinu nokha, amene mwana wanu ali momwemo.

Ndinati nkhani za m'banja si za mlatho. Iwo anati yalla, fulumirani achemwali, imbani, mukakomoka ndikuthirani madzi.

Ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga kupempha nambala ya amayi a kuofesi. Ndinanena momveka bwino mawu akuti a kuofesi. Anachedwa kuyankha, kenako anatumiza, n'kuwonjezera kuti amayi, chonde. Kwathu nthawi imatsalira m'mbuyo pang'ono, ndiye kumeneko anali asanaweruke. Ndinapemphera mwachidule n'kuimba.

Anayankha ndi mawu aakulu, a munthu wotanganidwa, kumbuyo kukumveka chitseko cha kabati ya chitsulo. Anafunsa kuti ndani.

“Ndine mayi wake wa mtsikana amene mumagwira naye ntchito,” ndinatero. “Mayi wake womubereka.”

“Oo, agogo. Mwachedwatu kuimba. Muli bwanji kumeneko?”

Ndinayamba ndi kuthokoza, chifukwa ndinaleredwa. Ndinathokoza za kuchipatala, za mbatata, za chitenje chobiriwira. Iye ankangoti eya, eya, palibe kanthu. Kenako ndinanena chimene ndinaimbira.

“Ndamva kuti kwanuko munthu akafunsa mumamuyankha. Ine ndikufunsa. Mchombo wa mdzukulu wanga munakwirira pati?”

“Sunakwiriridwe.”

Ndinayang'ana achemwali aja. Iwo anali atasendeza khutu pafupi ndi foni.

Mayiyo anafotokoza mosathamanga, ngati akuwerengera munthu pepala. Anati tsiku limene unagwa, amayi oyandikana nawo anamuuza kuti poti agogo kulibe, akwirire iyeyo, zithe. Anakana. Anati pantchito yake waona zambiri: munthu amalowa m'chipinda, amaona mapepala akale, amawatentha poganiza kuti akuthandiza, kenako mwiniwake amabwera kudzafunsa, ndipo phulusa silibwezedwa. Ndiye anautenga mchombowo, anaukulunga m'kansalu koyera, anauika mu envulopu ya khaki, anamata. Pamwamba analemba kuti ndi wa yani, tsiku limene unagwa, ndiponso kuti wolamula za chinthu chimenechi ndi agogo ake a kuchikazi. Anampatsa mwana wanga kuti atsekere m'sutikesi, pamalo pouma, kutali ndi makoswe.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati mtsikanayo ankaopa kuti akandiuza zikhala ngati akundikakamiza kubwera pamene sindingathe, ndipo ndidzangolira kwa eni kuno. Anati iye anamuuza kuti chabwino, amayi ako akadzafunsa tidzawayankha tsiku lomwelo.

Apa mtima wanga unatentha pang'ono. Ndinati kodi zonse mpaka munthu afunse? Zina simungangomuuza munthu, poona kuti n'zake?

Anaseka, koyamba. Anati lamulo lomwelo limatero ndithu, kuti zina azikhoma pabolodi panja anthu asanafunse, ndipo pamenepa iye ndi mtsikanayo anaphonya. Anapepesa. Kupepesa kwake kunali kwachidule, kopanda zokometsera, ndipo ndinakulandira.

Ndikanalekera pomwepo, koma pakamwa panga panapitirira. Ndinati mwana wangayo akukutchulani amayi.

“Atsikana onse muno amatero,” anayankha. “Musadandaule, agogo, sindikulandani. Ana anga ndili nawo, andikwana, ena akundidwalitsa mutu. Wanuyu akabwerako kutchuthi ndikufuna adzamalize mashelefu a kumapeto, basi.”

Mudzadabwa, koma mawu amenewa anandipwetekanso. Ndinati mumtima, kodi mwana wanga ndi woti munthu n'kumukana chonchi? Mwana waulemu ngati ameneyu, akuti mashelefu basi? Achemwali aja anaona nkhope yanga, anatseka pakamwa ndi mpango kuti kuseka kwawo kusamveke pafoni.

Kenako mayiyo anabwerera ku nkhani. Anati popeza mwiniwake wapezeka, anene chochita. Ngati ndikufuna, ndiwauze malo, mng'ono wanga akachira adzakwirire m'malo mwanga. Ngati ndikufuna kuti akwirire iye, achita, koma ndinene ndine. Ndinaganiza za malo anga aja, ndi za mayi anga akusamba m'manja m'mawa umene uja. Ndinati ayi, usungidwe.

Anati chosungidwa chilichonse chimakhala ndi malire ake, sangalembe kuti mpaka kalekale. Anafunsa kuti alembepo kuti mpaka liti.

“Lembanipo kuti mpaka agogo atabwera.”

Ndinamva akufunsa munthu wina cholembera. Anati Loweruka akapita kukaona mwana adzalemba pa envulopu pomwepo.

Madzulo a tsiku limenelo, nditasamba ndi kusintha zovala monga mwa lamulo la madamu, ndinaimbira mwana wanga. Sindinamukalipire. Ndinamuuza kuti atsegule sutikesi andionetse. Anaitulutsa pansi pa diresi lake la ukwati, envulopu wamba ya khaki, yaing'ono, yotupa pang'ono pakati. Anaibweretsa pafupi ndi foni. Zilembo zake zinali zazikulu, zoima bwino, zoti ngakhale ine ndinawerenga osavutika. Ndinamuuza kuti aibwezere, asaigwiregwire. Kenako ndinati andionetse mdzukulu wanga yense, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kuyambira tsopano foni aziiika patali.

Pamene ndikulemba izi sindinapitebe. Akuti njira zikutseguka, ndipo madamu akuti tchuthi chikubwerachi ndipita, inshallah, Mulungu akalola, monga amanenera iwo. Mdzukulu wanga wayamba kukwawa. Ndikamuitana pavidiyo amabwera n'kumenya foni ndi dzanja, kenako amayang'ana kuseri kwake kufuna kuona kumene ndabisala. Loweruka mayi wa mafayilo amapitako ndithu. Tsiku lina ndinaimba iye ali pomwepo, ndinaona mwanayo akundisiya ine n'kukwawira ku manja a wotchi aja. Ndinati netiweki yavuta, ndinatseka. Nsanje sinathe, ndisakunamizeni. Mwana wanga akamalankhula nane tsopano amati amayi a kuofesi, mawu onse, ndipo ndikudziwa kuti amatero chifukwa cha ine. Ndikatseka foni sindikudziwa mmene amanenera. Pemphero la kukwezedwa pantchito lija ndinalichepetsa, koma masiku ena limatuluka lokha.

Chimene ndili nacho ndi envulopu ija. Ili m'sutikesi, pansi pa diresi la ukwati, ndipo palibe amene angaikhudze ine ndisananene. Ndikatopa ndi ntchito ndimaganiza za m'mawa umene ndidzaitsegule, ndifumbate, ndituluke ndekha, ndibwereko ndikusamba m'manja, wina aliyense asandifunse kuti ndi pati. Mayi wa mafayilo uja ngakhale atafunsa motsata lamulo, sindidzamuyankha.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada muzitikumbukira. Mukumbukire mwana wanga ndi amuna ake, ndi kamdzukulu kanga kamene sindinakanyamulebe. Mukumbukire mng'ono wanga kuti achire. Mundipempherere ine kuti Mulungu andisunge ndi moyo ndi mphamvu mpaka ndikafike, chifukwa pa envulopu paja analemba kuti mpaka agogo atabwera. Ndipo ngati nthawi yatsalako, mutchulenso mayi wa mafayilo uja. Wandisungira bwino chinthu changa.